Chingerezi Chikachita Mantha

Adokotala atangotseka chitseko, mayi anatembenuza mutu papilo n'kuyang'ana amuna awo.

"Akuti chiyani?"

Funso limeneli bambowa anakhala akulimva kuyambira ali mnyamata, mpaka linawamatirira n'kusanduka dzina. Kuntchito, m'basi, ngakhale kwa apongozi awo, aliyense ankawadziwa kuti Akutichani, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pachitupa. Munthu akabwera ndi pepala la Chingerezi, kaya ndi la makina kaya la mankhwala a mphemvu, iwo ankangoliponyera diso n'kuyankha wofunsayo asanameze malovu. Koma m'mawa umenewu zinali zina. Zimene adokotala ananena anazimva zonse, ndipo anazimvetsa mpaka pansi pake.

Adokotalawo anali munthu wabwino, wa mawu otsika, wochokera kutali, ndipo m'chiyankhulo chathu ankangodziwa moni. Anayankhula Chingerezi chosalala, maso akupita pang'ono kwa odwala, pang'ono pamapepala. Anati mankhwala sanachite monga mmene onse ankayembekezera. Anati mwina tsopano ndi bwino kuganizira zoti mayi asamamve ululu, ndipo ngati banja lingakonde, akhoza kukakhala kunyumba pakati pa abale. Anati pali zina zimene zikuyenera kuganiziridwa. "Pepani" ndi "chonde" zinali mbwee. Koma kuzichotsa zokutira zonsezo, nkhani yake inali yaifupi: chotupa cha m'mimba chapambana, opaleshoni sichitikanso, mayi akupita.

"Ndikatunge kaye madzi," anatero Akutichani, akunyamula botolo pakatebulo.

"Pitani," anayankha mayi. Botololo linali lodzaza mpaka m'khosi, ndipo onse awiri analiona.

Mwana wawo wachisamba, amene nthawi yonseyi anaima kumiyendo kwa bedi, anawatsatira pakhonde la wodi. Iyeyu anali mayi wa pabanja pake, wogwira ntchito mu ofesi, ndipo Chingerezi chake chinkaposa cha bambo ake kutalitali. Nayenso anali atamva.

"Ababa, musawauze," ananong'ona. "Ndakugwirani mwendo. Auzeni kuti akusintha mankhwala, kapena kuti akufuna akapumeko kunyumba. Ndimakudziwani inu."

Akutichani anakhala pabenchi n'kuika botolo pamiyendo. Kuti munthu amvetse chimene mwanayo ankaopa, ayenera kuwadziwa kaye bambo ake.

Analowa ntchito pafakitale ya makatoni ndevu zisanamere bwino. Sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira, koma anatulukako ndi kachizolowezi kamodzi kosachiritsika: sankatha kudutsa chinthu cholembedwa osachiwerenga. Zitini, matumba a simenti, nyuzipepala yokulungira misomali, zonse ankaziwerenga milomo ikugwedera. Anawaika kusitolo ya zipangizo, kachipinda kakang'ono konunkha girizi, kumene ntchito yawo inali kupereka masipanala ndi magolovesi pawindo.

Chaka china kunabwera makina atsopano m'mabokosi aakulu ngati nyumba: odula, opinda ndi omata guluu. Akatswiri amene anabwera nawo anamanga, anayesa, anagwirana chanza ndi abwana, n'kubwerera kwawo. Anasiya mabuku onenepa a Chingerezi chokhachokha. Akapitawo anawatembenuza uku ndi uku, anaonerera zithunzi, kenaka anakumbukira mnyamata wowerenga zitini uja. Kuyambira tsiku limenelo pawindo la sitolo sipanasowe munthu wa manja akuda, chala chili patsamba, akufunsa funso limodzimodzilo.

Chingerezi cha makina chili ndi misala yake, ndipo yambiri ndi yongoseketsa. Chimapatsa chitsulo ziwalo za munthu. Makina ali ndi mano, nsagwada, mkono, khosi, ngakhale milomo. Tsiku limene Akutichani anawerenga mokweza kuti pali paipi yaimuna ndi paipi yaikazi, azimayi a ku guluu anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ndipo wowerengayo anasowa poyang'ana. Mawu amodzi omwewo ankatanthauza china patsamba ili, china patsamba linalo. Zilembo zina zinkangokhala m'mawu phee, osamveka, osagwira ntchito iliyonse, ndipo iwo ankazitcha alamu a bwana. Nawonso ankaphonya, osati kamodzi. Ulendo wina anasokoneza kumaso ndi kumsana kwa pepala, makatoni a tsiku lonse n'kutuluka zolemba zili m'kati, ndipo anzawo anawaseka mpaka chaka chinatha. Koma zonsezi sizinatulutse magazi a munthu.

Chimene chinatulutsa magazi chinali ulemu. Pamakina odula panali bambo wachikulire amene anthu ankawatchula kuti Achipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pamutu pawo. Mpeni wa makinawo unali wautali kuposa munthu atatambasula manja, ndipo unkatsika kamodzi kokha, mulu wonse wa makatoni n'kuduka. Utabuntha panafunika kuusintha, ndipo Achipewa anaitana wa mabuku. Buku linati ndi bwino kuti manja asayandikire kunsi kwa mpeni, ndipo chonde aonetsetse kuti magetsi azimitsidwa. Akutichani anamasulira mokhulupirika, n'kuwonjezerapo ulemu wawo pamwamba, poti amene ankayankhula nawo anali a msinkhu wa bambo awo.

"Akuti ngati n'kotheka, bambo, manjawo asamafike kwenikweni kunsiku. Ndiponso akupempha kuti magetsi akhale atazimitsidwa."

"Zikomo mwana wanga, ndamva," anatero Achipewa, monga mmene munthu amayankhira akauzidwa kuti kunja kukuzizira atenge juzi.

Magetsi azimitsidwe, inde, koma azimitse ndani? Buku silinanene, womasulira sananene. Achipewa anayesa kuti mnzawo wa mbali inayo wazimitsa, mnzawoyo anayesa kuti azimitsa ndi Achipewa. Phazi la munthu linakhudza chopondera, mpeni unatsika. Unadula mkono wa ovolosi n'kusenda khungu lonse la kuseri kwa dzanja. Zala zinapulumuka chifukwa choti nthawi imeneyo mkuluyo anali akubweza dzanja kuti akonze chipewa.

Atabwerako kuchipatala, dzanja lili m'mabandeji, Achipewa sanapite kwa abwana kukadandaula. Analunjika pawindo la sitolo.

"Mwana iwe, ukadzaona njoka pafupi ndi phazi langa, udzati 'ngati n'kotheka, bambo'?"

"Buku ndi limene linatero."

"Buku lilibe dzanja. Amene analemba bukulo ali kwawo, zala zake zonse zilipo. Ife tinakutuma kuti ukatimverere, iwe wabwera ndi za m'maluwa."

Mawu amenewa anawalasa pamtima. Anayamba kutenga mabuku aja kunyumba masiku opuma, n'kumawawerenga kuyambira koyamba, osati pofuna yankho la munthu, koma pofuna kudziwa khalidwe la amene ankayankhula m'menemo. Anaona chinthu chimene kusukulu sanawauze. Pa zinthu zazing'ono mabukuwo ankalamula ngati msilikali: pukuta, thira mafuta, manga. Koma pofika pamene munthu angasiye dzanja kapena moyo, mawu ankatalika, ankafewa, "chonde" ndi "tikulangiza" ankachuluka, ndipo munthu woti achite chinthucho ankasowamo. Liwu loti "ngozi" linalipo ndithu, la zilembo zikuluzikulu, koma linali patsamba lililonse, ngakhale pochenjeza za fumbi, mwakuti linasanduka galu wouwa aliyense, amene eni nyumba sadzukiranso. Apa m'pamene Akutichani anapeza kanenedwe kawo kamene anakalamba nako, koti Chingerezi chikachita mantha chimavala jekete. Ankati chikayamba kukulemekeza kwambiri, uyang'ane kumene kuli zala zako.

Anasiya kumasulira ali pawindo. Munthu akafunsa za makina, ankanyamuka naye kupita pamakinapo. Ankavula wotchi, ankazimitsa okha magetsi, kiyi n'kuika m'thumba lawo. Kenaka ankamugwira munthuyo pamkono, kukoka dzanja lake n'kuliika pamalo enieni oopsawo, pachitsulo chozizira, n'kukuwa kuti mawu amveke pamwamba pa phokoso la fakitale yonse.

"Iwe! Apa! Apa pakudya dzanja. Wozimitsa ndiwe, osati mnzako. Nena, wozimitsa ndani?"

Ndipo sankamusiya mkono mpaka atayankha kuti "ndine".

"Iwe" ameneyu sankasankha nkhope. Anagwera anyamata olowa kumene, anagwera azimayi oti akanatha kuwabereka, anagwera akapitawo. Injiniya wina wophunzira bwino, amene pambuyo pake ankawathandiza mawu ovuta a zamagetsi, nayenso anagwidwa pamkono tsiku lake loyamba. Anaseka, anayankha kuti "ndine", ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kugwira ena chimodzimodzi. Koma ambiri zinkawapweteka. Mayi wina wa pamakina opinda anakhala nthawi yaitali osawayankha moni, ati mwana wopanda mwambo, wandichititsa manyazi pagulu. Akutichani sanapepese, komanso sanakangane nawo. Wakutsina khutu ndi mnansi, n'zoona, koma khutu likamayaka palibe amakumbukira kuthokoza.

Chodabwitsa n'chakuti belu la nkhomaliro likalira, ankasanduka munthu waulemu kuposa onse, wopereka moni ndi manja awiri, wosiyira akulu mpando. Akafunsidwa ankati ulemu amauvula pamodzi ndi wotchi polowa kumakina, chifukwa zonse ziwiri zimakola. Achipewa anapuma ntchito ndi zala zawo zonse, chipsera chokha chikunyezimira kuseri kwa dzanja, ndipo potsanzika anatambasulira Akutichani mkono wawo pamaso pa anthu kuti awagwire komaliza.

Akazi awo nawo anabwera kudzera pa funso lomwelo. Anali telala, ndipo anali atagula makina osokera a magetsi okhala ndi kabuku kake. Mnzawo wina wa ku guluu anawalozera munthu wowerenga. Akutichani anapita kushopu yawo, kachipinda kodzaza ndi zidutswa za nsalu ndi fungo la simbi yotentha. Anawerenga za ulusi, anawerenga za mafuta, zonse zikuyenda bwino. Atafika patsamba la singano, dzanja linachita zimene linazolowera. Anazula pulagi, anagwira mwana wa eni ake pamkono, n'kuika chala chake kunsi kwa singano.

"Iwe! Apa!"

"Iii, mwandidziwa liti kuti mundinene iwe?" anatero telalayo, akusolola dzanja. "Singanoyi yakhala ikundibaya ndisanakudziweni, koma sinandikuwirepo."

Akutichani anabweranso mawa lake kudzapepesa, ndipo kupepesako kunatalika mpaka kunakathera mu ukwati. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo simunamveke "iwe" pakati pa awiriwa, ngakhale pokangana, ngakhale poseka. Wina anali "mayi", wina anali "bambo", zaka zonse.

Mayi sanaphunzire Chingerezi, ati mutu wawo unadzaza kale ndi miyezo ya ziuno za anthu. Koma nkhani za kufakitale ankazimva tsiku ndi tsiku pachakudya, ndipo khutu linaphunzira zimene lilime linakana. Kusukulu kukachokera uthenga wautali, ankangoyang'ana mmene milomo ya amuna awo ikugwederera n'kufunsa kuti, "Wavala jekete? Mwana walakwa chiyani?"

Wachisambayu ndiye anakula akulawa mbali yowawa ya khalidwe la bambo ake. Atamaliza sukulu anafunsira ntchito pamalo pamene mtima wake unali, ndipo yankho linabwera lokoma kumva, loyamikira nzeru zake, lomufunira mafuno abwino. Ankawerenga mokweza pabalaza, nkhope ikuwala, asanafike n'kumapeto komwe. Bambo ake, ali pakhomo akuvula nsapato, anangoti, "Akukukana." Zinali zoona, koma mtsikanayo analira mpaka kutupa maso, ndipo sanaiwale. Mpaka atakula ankati choonadi cha ababa chilibe mabuleki. Mayi anawadzudzula amuna awo tsiku limenelo kuti akanadikira mwana afike yekha kumapeto, ndipo iwo anavomera kuti anafulumira, koma kuti ananama anakana.

Fakitale itagulidwa ndi eni ena, anthu anasonkhanitsidwa pamalo opakira katundu. Bwana watsopano anaima pamwamba pa mulu wa matabwa n'kuwerenga mawu aatali, othokoza aliyense chifukwa cha kudzipereka, odandaula za nyengo zovuta, olonjeza kuti palibe adzaiwalike. Ena anayamba kuwomba m'manja. Kenaka mitu yonse inatembenukira kwa munthu mmodzi, amene tsopano anali ndi imvi.

"Akuti ntchito yatha," anatero Akutichani. "Tonse, ndi ine ndemwe. Musadikire, yambani kufunafuna lero."

Ena anawada tsiku limenelo ngati kuti atseka fakitale ndi iwo. Atafika kunyumba anawauzanso mayi chimodzimodzi asanakhale pansi, ndipo mayi anayankha osachotsa phazi pamakina, "Chabwino. Muzindidulira nsalu." Anakalamba choncho m'kashopu kaja, wina akudula, wina akusoka, aneba akubwera ndi mafoni awo atsopano, mapampu a madzi ndi mabotolo a mankhwala kuti wodula nsaluyo awauze chimene chikunenedwa.

Matenda atayamba, Akutichani ndi amene ankawerenga zolemba za pamabotolo a mankhwala, ankafotokoza zimene anamwino anena, ankauza mayi kuti ili likugwetsani tsitsi, ili likusanzitsani, osabisa kalikonse. Mayi ankamwa molimba mtima chifukwa ankadziwa chimene chikubwera. Koma nthawi yonseyo panali chinthu choti achite, panali chiyembekezo cha opaleshoni imene ankaidikira. Lero chinali chitachotsedwa.

Ameneyu ndiye munthu amene anakhala pabenchi ya chipatala ndi botolo lodzaza madzi. Anamwino ankadutsa mofulumira, wina ankakolopa cha kumapeto kwa khonde, fungo la mankhwala okolopera lili ponseponse. Mwana wawo anakhala pambali pawo.

"Ababa, adokotala aja asankha mawu ofewa mwadala. Si mantha amene aja, ndi chifundo. Awa si makina, ndi amayi."

"Ndikudziwa kuti ndi amayi ako."

"Kufakitale munkakuwa kuti dzanja lipulumuke. Nanga apa mupulumutsa chiyani? Mukawauza achira? Mungowalanda tulo ndi kachiyembekezo kamene atsala nako."

Funsoli linawagonjetsa. Mwanayo sankanama. Pano panalibe magetsi oti n'kuzimitsa, panalibe kiyi woika m'thumba, mpeni unali utayamba kale kutsika. Ndipo kunena zoona, iwonso ankachita mantha, oposa a mwanayo. Ankaopa kumva mawuwo akutuluka pakamwa pawo, chifukwa moyo wawo wonse zimene ankanena anthu ankazikhulupirira, ndipo iwonso ankazikhulupirira. Kwa nthawi yoyamba anamumvera chisoni munthu wolemba mabuku uja. Mwina nayenso ankadziwa bwino lomwe chimene mpeni umachita, n'chifukwa chake ankalephera kuchitchula.

"Chabwino," anatero. "Ndinena mofewa."

Atalowa anapeza mayi atadzikoka n'kukhala tsonga, atatsamira pilo, mpango atamanga bwinobwino. Anali ataonda mwakuti mphete inkazungulira yokha pachala. Akutichani anabwezera botolo pamalo pake, anakhala pampando, anakonza kolala.

"Ee, mayi, adokotala akuti zinthu zikuyenda pang'onopang'ono. Akuti mwina zingakhale bwino, ngati inuyo mungakonde, kuti tikapumeko kunyumba, poti pali zina zimene zikuyenera kuganiziridwa, ndiye..."

Mayi anawasiya kuti amalize, koma mawuwo anatha okha panjira.

"Bambo," anatero mayi, "mwavala jekete."

"Amayi, ababa akungofotokoza zimene adokotala..."

"Khala chete, mwana wanga. Adokotala aja ndawaona ndekha. Chingerezi sindichidziwa, koma munthu akayamba kupepesa asanakuponde, ndiye kuti akupondadi. Ndikufuna ndimve kwa amuna anga." Anatembenukira kwa iwo. "Anthu a eni munkawauza zoona kuti asataye chala. Ine wa m'nyumba mwanu mundipatse za m'maluwa? Ndikamagona pano kudikira opaleshoni yoti kulibe, masiku anga atha ndikuyang'ana dengali. Kunyumba kuli diresi la mdzukulu wanga lopanda manja. Kuli mng'ono wanga amene sitinayankhulane chichokereni kumaliro a amayi. Zimene mukuti zikuyenera kuganiziridwazo, aganize ndani?"

Akutichani anayang'ana pansi. "Inuyo."

"Ndiye ndiganiza bwanji ndisanauzidwe?"

Anatambasula mkono pamwamba pa bulangete, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, monga mmene anthu a kufakitale ankachitira akaona Akutichani akubwera ndi buku.

Mwana anatembenukira kuwindo. Akutichani anavula wotchi n'kuiika pakatebulo pafupi ndi botolo. Anagwira mkono uja, ndipo unali wopepuka ngati wa mwana. Anaukweza pang'onopang'ono n'kuika dzanjalo pamimba pa mayi, cha kumanja, pamene panali potupa. Anatsegula pakamwa kuti akuwe monga mwa masiku onse, koma mawu anatuluka aang'ono, osasa.

"Iwe. Apa. Apa mankhwala alephera. Opaleshoni kulibe. Suchira."

"Nthawi?"

"Sananene. Koma jekete linali lalikulu. Ndi yochepa."

Mayi anatseka maso. Misozi inatsika m'masaya, ndipo palibe anaipukuta. Analira ndithu, osati pang'ono, chifukwa moyo ankaufuna, ndipo kudziwiratu chinthu sikuchepetsa ululu wake chikanenedwa. Mwana anabwera kudzagwada pambali pa bedi n'kubisa nkhope m'bulangete. Akutichani anamva ngati aphwanya chinthu ndi manja awo, koma sanachotse dzanja. Sankasiya munthu asanayankhe.

Patapita nthawi mayi anausa moyo n'kutsegula maso.

"Ndamva," anatero. "Woganiza ndine. Mwana wanga, dzuka, longedza. Ukawaimbire mayi ako aang'ono uwauze abwere, ndipo usakapite m'mbali."

Mwanayo anadzuka akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kutulutsa zovala m'kabati. Bambo ake sanawayang'ane, koma podutsa anawagwira paphewa. Akutichani anatambasula dzanja kuti atenge wotchi yawo, koma mayi anawagwira pamkono. Zala za telala zinali zidakali ndi mphamvu. Anakoka dzanja la amuna awo, analitembenuza, n'kulikanikiza pachifuwa pa bambowo, cha kumanzere, pamwamba pa thumba la shati.

"Iwe," anatero mayi, amene kuyambira pamene anakwatirana sanawatchulepo choncho. "Apa. Apa padzakupweteka kwambiri. Pakadzapweteka usadzavale jekete, udzamuuze mwanayu. Nena, wonena ndani?"

Akutichani anayang'ana dzanja lawo lili pachifuwapo. Mayi sanawasiye mkono. Anadikira, maso ali pa iwo, mpaka mawu anapeza potulukira.

"Ndine."

"Chabwino. Tsopano ndipatseni nsapato zanga, zili kunsi kwa bedi."